Mkamwini wa ku Japan

Lolemba, 24 Okutobala 1988

Nyumba ija ikadali chiyasamire kumwamba. Zipupa Ignasio, wondifunsira ukwati uja, anadinda bwinobwino, mapaso anamanga, udzu uli mulu kuseri, koma wofolera palibe. Ine n'kumazira pansi ngati wamisala, kuzira nyumba yopanda denga.

Atsibweni a Yeremiya, alongo awo a amayi, andiitana pochokera ku ntchito. Akuti, "Bernadetta, mkamwini wakoyo timuuze bwanji kuti amve? Nyumba ya mdindo ikanyowa imagwa. Ikangogwa, ine ndikabweza mawu kwa ankhoswe ake, za ukwati zithere pomwepo." Ndangoti ndamva. Mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Dedza.

Lachitatu, 26 Okutobala

Zonsezi ndi kaseti ya a Noriko, namwino wa ku Japan amene ndimawathandiza ku chipatala cha mishoni. Anaibwereka ndine, kuti Ig. amveko za kunja. Ndikanadziwa! Pachikuto pali anyamata asanu, malaya ofanana, tinsalu tomanga pamphumi. Dzina la gulu lawo limandipinda lilime, koma a Noriko akuti limatanthauza Mphepo Zisanu. Anawatola ali ana asukulu n'kuwasunga m'nyumba imodzi. Anayamba ndi kuvina kumbuyo kwa oimba akuluakulu, lero akangotulukira atsikana amakomoka.

Ndiye Ig. ndi anzake anayi a kwawo kwa Chimbiya, ndi mabanjo awo a zigubu, agawana oimbawo ngati nyama ya pa ukwati. Damiano ndi Tetsuo, mtsogoleri, nanga iyeyo angalole kukhala pambuyo? Vinsenti ndi Shinji wodumpha chagada, ndipo wabzungula kale chala. Ig. wanga ndi Masao, wa mawu aang'ono okwera pamwamba pa onse. Chijapani sachimva, aikamo mawu awo a Chichewa. Kunena zoona amaimba bwino, ndipo n'zimene zikundipsetsa mtima.

Loweruka, 29 Okutobala

Ku msika kwa Chimbiya. A Yufi, anyamata a chipani aja, polowera, kadi ya chipani, kadi ya chipani. Ndaonetsa. Ig. ndamupeza kuseri kwa matumba a kachewere atavala chipewa cha ubweya dzuwa lonseli. Akuweta tsitsi kuti afanane ndi Masao, ngati sadziwa kuti a Yufi akamugwira amumeta pagulu.

"Mufolera liti?"

"Dikirani pang'ono, Bena. A wailesi akubwera ku boma mwezi wamawa kudzajambula magulu. Tikangojambula basi."

"Mvulanso mwaiuza kuti idikire?"

Kenako Damiano uyo, manja m'thumba. Akuti, "Alamu, kwa anzathu ku Japan woimba sakwatira, ndi lamulo. Masao weniweniyo atakwatira anamuchotsa m'gulu. Ndiye uyu akapita chikamwini kwanu ku Linthipe, tiziphunzira naye bwanji nyimbo madzulo? Asankhe chimodzi."

Ndamuuza kuti iyeyo sakwatira chifukwa palibe womufuna, asanamizire Japan. Amayi ogulitsa kabichi aseka mpaka kugwira m'mimba. Ig. sanaseke, komanso sanandiikire kumbuyo ngakhale ndi liwu limodzi. Zandiwawa njira yonse.

Lamulungu, 30 Okutobala

Misa sindinaimve. Maso pa windo, kumitambo.

Lachiwiri, 1 Novembala

Manja anga sakugwira kanthu. Ndataya madzi otentha, ndaitana wodwala mmodzi kawiri. A Noriko anditengera kunyumba kwawo kuti ndikamwe tiyi wawo wopanda shuga uja. Pakhoma pali chithunzi chachikulu cha Mphepo Zisanu, koma anthu alipo anayi. Ndafunsa wachisanu. Achita manyazi, achotsa kamsomali n'kufunyulula m'mphepete momwe anapinda. Masao uyo, akumwetulira, mzere wopindira utamudutsa paphewa.

Akuti ndi Chichewa chawo chodukaduka, "Ndinalira kwambiri. Ndinakwiya. Ndinapinda."

"Analakwa chiyani?"

"Sanalakwe. Koma ife atsikana tinkaganiza ndi wathu."

"Nanga pano ali kuti?"

"Amagulitsa mpunga m'sitolo ya apongozi ake. Amakhala komweko."

Ndaseka mpaka misozi. Kani nakonso chikamwini chiliko! Ndiye ndafunsa ngati amaimbabe. A Noriko akuti, "Sindidziwa. Palibe amafunsa." Kuseka kwanga kwathera pomwepo.

Ndawapempha munthuyo, popeza iwo anamutaya kale. Amudula ndi sizasi ya mabandeji n'kundipatsa ndi manja awiri.

Lachitatu, 2 Novembala

Masao ndamukhoma ndi minga pakhoma la nyumba ija, moyang'anana ndi khomo. Rute, mng'ono wanga, akuti kodi ameneyu ndani. Ndati ndi mkamwini wa pano, uyu ndiye anadziwa kusankha. Rute pakamwa pake sipagona nkhani. Pofika madzulo ana onse a m'mudzi anali pakhomo, kukankhana.

Lachisanu, 4 Novembala

Mudzi wonse wadzamuona. Azimayi pochokera kokonzekera magule a chipani adutsira pompano, nsalu zawo zili m'chiuno, ena akuti ndi wokongola koma sangathe khasu. Atsibweni alowa, avula chipewa pamaso pa chithunzicho, akuti, "Mwaswera bwanji akamwini? Nanga kufolera mumatha?" Anthu gwa! kuseka. Potuluka andinong'oneza, "Kamuuze mnzakoyo kuti mapanga awiri avumbwitsa." Sankaseka ayi.

Rute akuti nkhani yafika kale kwa Chimbiya pa lole ya kachewere. Akuti kumeneko akumukuwiza Ig. kuti wamulanda nyumba munthu wa papepala.

Tsopano mantha. Kodi sindinaonjeze? Mwamuna ukamuchititsa manyazi pagulu amatha kuumiratu khosi. Ndipo chimene sindinganene kwa atsibweni n'chakuti ine ndinayamba kukonda mawu a Ig. ndisanamuone nkhope, tsiku limene kwaya ya kwawo inadzaimba ku parishi. Ndikumufuna munthuyo, mawu akewonso ndikuwafuna. Nane mapanga anga ndi awiri.

Loweruka, 5 Novembala

Kwagunda cha ku Mozambique. Chimphepo, fumbi, madontho akuluakulu pang'ono, kenako yapita. Pazipupa pasiyidwa timadontho takuda. Ndakokera makwerero kunyumbako kuti ndikwere ndekha, amayi andigwira nsalu. "Mkazi padenga? Sunakhutire ndi kutiseketsa?" Ndabwerera.

Kunjira ya kwa Chimbiya sikunatulukire munthu. Ndayang'anako mpaka khosi kuwawa.

Lamulungu, 6 Novembala

Sanabwere. Nyerere zikusamutsa mazira. Atsibweni apukuta njinga yawo n'kupopa matayala, ndipo sanandiuze kumene akufuna kupita.

Lolemba, 7 Novembala

Masana kwada bii. A Noriko angondiyang'ana n'kunena kuti, "Pitani." Ndathamanga nsapato zili m'manja, fungo la mvula lili m'mphuno. Ndikukhota pa dimba la atsibweni, ndaona munthu padenga. Poyamba sindinamuzindikire. Kani ndi Ig., mutu mbee, wameta mpala.

Sanandipatse moni. Akuti, "Chotsani munthu uyo m'nyumba mwanga."

Ndati, "Folerani kaye."

Ndayamba kumuponyera mitolo ya udzu, iye kulandira, kuyala, kumanga ndi luzi. Atsibweni abwera, aima manja kumbuyo, kenako avula jekete n'kukwera mbali inayo. Ndamufunsa Ig. ngati ndi a Yufi amumeta. Akuti wameta yekha. Nanga banjo? Wasiyira Damiano.

"Apeza wina m'malo mwanu?"

"Akuti akaimba anayi."

Wanena akuyang'ana luzi. Ndinkayesa ndisangalala, koma sindinasangalale.

Mvula yatipeza kutatsala msonga yokha. Atsibweni atsika kuthawa, iye watsalira kuti amalize. Ndalowa m'nyumba, mdima wabwino wa nyumba yofolera, fungo la udzu, pansi pouma. Ndazula minga ija, Masao wagwera m'manja mwanga, pangodya atanyowa pang'ono.

Ndiye ndamumva kumwambako. Akuimba motsitsa, mwina ankayesa mvula ikumubisa. Nyimbo ya pa kaseti ija, mbali yake yokha ya pamwamba. Akaimba mzere n'kusiya mpata pomwe anzake amayenera kulowa, mpatawo n'kungodzaza mvula. Akaimbanso, mpata. Misozi yangotsika yokha.

Pa mpata wina ndalowapo ine, ndi mawu anga a chule amene anandithamangitsitsa ku kwaya. Kumwambako nyimbo yaduka. Kenako udzu wasuntha pang'ono pamsonga, diso limodzi landisuzumira.

Akuti, "Mwatsitsa kwambiri, Bena. Tayambaninso."