Batire la Njinga ya Bambo

Lolemba, 1 Seputembala

Achimwene a Mfundo aimba kuchokera ku Lilongwe. Apeza wogula zitsulo zakale, abwera Loweruka kudzatenga njinga yamoto ya Bambo. Akuti ikungodyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa nkhokwe. Bambo amamva zonse. Angotembenukira kukhoma. Chiwagwireni sitiroko, mawu awo ndi owerengeka.

Njingayo anabwera nayo kuchokera kumigodi ku Joni, ine ndili wakhanda. Ikanalira, bwenzi ndikuwatengera ndekha kuchipatala ku Kasinje. Pa kabaza wopalasa amafika atatheratu.

Kuyendetsa sindidziwa. Zimenezo n'zamawa.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Ndaikankhira pabwalo. Mavu pansi pa thanki, andiluma pakhosi. Matayala ndapopa, akusunga mpweya. Chiyambi chabwino.

Kumsika kwa a Swaleh, ogulitsa zipangizo za njinga. Akuti mabatire alipo amitundumitundu, ndibweretse lakalelo aone kukula kwake. Ndimayesa ntchito yapafupi. Ndachotsa mpando: mawaya okhaokha ndi chisa cha mbewa. Batire osaoneka.

Lachitatu, 3 Seputembala

Ndalipeza. M'mbali, kuseri kwa chivundikiro, m'kabokosi kachitsulo kopanikizika ndi felemu. Amene anapanga njinga imeneyi kaya zala zake zinali zotani. Mabawuti dzimbiri lokhalokha, mitu ya batire yakutidwa ndi ufa woyera. Sipanala inaterereka, chala chang'ambika. Ndalira pang'ono. Osati chifukwa cha chalacho.

Ndili chigwadire, mawu kumbuyo kwanga: "Nangozo, yamba wakuda."

Bambo! Anadzikoka okha ndi ndodo mpaka pakhonde. Waya wakuda kaye, wofiira pambuyo. Kenako anati, "Soda." Soda wathu wa therere m'madzi ofunda. Ufa uja unachita thovu n'kuchoka. Mabawuti ndawathira palafini, agone naye.

Chaka chonse sanandiitanepo ndi mfunda wanga.

Lachinayi, 4 Seputembala

Mabawuti amasuka. Batire ayi. Latupa, lakanirira m'bokosi ngati chinangwa m'dothi louma. Pogwira palibe. Ndinafuna kulitokosa ndi chitsulo, Bambo anamenya ndodo pansi. Akuti likang'ambika asidi andiotcha.

Kudimba sindinapite, tomato akufota. Ndiye amene ndikudalira kuti ndigule batire latsopano.

Achimwene aimbanso. Ndapempha sabata ina, akana. Akuti ndikuwapatsa Bambo chiyembekezo chabodza, ikakanika adzagwa mphwayi kuposa kale. Mwina akunena zoona. Nawonso amawakonda. Koma lero Bambo adya osanyengereredwa, apemphanso tiyi.

Loweruka, 6 Seputembala

Latuluka!

Dzulo tsiku lonse linakana. M'mawa uno kunabwera Lukia, mlongo wa a Swaleh, uja amapita yekha pa njinga yamoto kukagula mpunga ku Bwanje. Anamva kwa achimwene ake kuti ndavutika. Bambo anatilozera chubu chakale chili padenga la khola. Tinaching'amba ngati luzi, n'kulowetsa mphirayo kuseri kwa batire ndi waya, pang'onopang'ono, mpaka inatulukira mbali ina. Timadontho ta mafuta ophikira m'mbali. Lukia anagwira njinga, ine kukoka uku ndikugwedeza. Zii. Kenaka fwaa! Ndinagwa chagada, batire lili pansi pafupi ndi phazi langa. Lukia kuseka mpaka misozi. Bambo nawo, ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Wazitsulo anafika masana ndi kalole kake. Munthu waulemu ndithu. Anazungulira njinga, n'kugogoda thanki. Bambo anakweza dzanja lawo lomwe silinapuwale, kuloza ine: "Mwini wake ndi uyo. Mufunseni." Ndinati sitigulitsa. Anakwera kalole kake n'kubwerera.

Lachiwiri, 9 Seputembala

Tomato wopulumuka ndagulitsa, batire ndagula. Lalowa ngati kwawo. Wofiira kaye ulendo uno, wakuda pambuyo. Pulagi ndapala, petulo watsopano m'thanki. Nyali inayaka, hutala inalira ngati mbuzi yachimfine. Kiki ndinaponda mpaka mwendo kuwawa. Inatsokomola, kuzima, kutsokomolanso. Kenaka inalira. Utsi mudzi wonse.

Ndinaimbira achimwene, foni n'kuiyandikiza ku injini. Anamvetsera kulira kwake. Kenako: "Ugule chipewa cholimba, chemwali. Ziwiri. Ndithandiza."

Lachinayi, 11 Seputembala

Lukia ayamba kundiphunzitsa madzulo ano, kubwalo la mpira. Mantha alipo. Akuti aliyense amagwa, bola kugwera kumchenga.

Ndimati Bambo atsala kunyumba. Ayi ndithu. Andituma kusita shati yoyera, akuti wophunzira wawo sangagwe iwo kulibe. Anansi awabwereka ngolo. Kubwaloko n'kutali, ndipo dzuwa likadali —

Bambo akuitana. Avala kale nsapato, okha.