Imelo Imene Bambo Anafufuta

Esbjerg, Novembala

Mlongo wanga Troels,

Ndikhulupirira uli bwino ku Toronto kumeneko, pamodzi ndi mlamu Signe ndi ana. Ife kuno tilipo, mvula ndi mphepo basi. Mwendo wa bambo ukuwavutabe, koma amayendako mpaka kudoko. Sunafunse, ndangokuuza.

Mwezi watha ndinawapeza akusesa m'chipinda chako chakale, akuimba. Anati wawalembera imelo. Poti chiikireni mayi m'manda sunawalembereko ngakhale mzere umodzi, ndinawapempha kuti andionetse.

Pamwamba panali dzina lako, koma adiresi inali ndi chilembo chimodzi chowonjezera. Imati akubera chikwama pabwalo la ndege, choncho bambo adine linki msangamsanga, alembemo nambala zawo zachinsinsi za kubanki kuti ugule tikiti yobwerera kuno. Inayamba ndi mawu akuti "Bambo anga okondedwa". Ndinaseka. Ndinawauza kuti Troels wathu sangalembe mawu amenewo ngakhale atamuloza ndi mfuti.

Anapsa mtima. Anati ndine wansanje chibadwire, sindifuna kuti mwana wawo abwere. Nambalazo n'kuti atalemba kale m'mawa, n'kupita kukagula nsomba zowamba zimene umakonda zija.

Ndinaimba kubanki pomwepo, anatseka khadi. Ndalama zina zinali zitapita kale, koma ndalama si nkhani. Nkhani ndi yakuti mawa lake anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kukakhala pasiteshoni ya sitima tsiku lonse, kukudikira iweyo. Ndinakawatenga akunjenjemera ndi kuzizira. M'galimoto anandifunsa ngati anthu aja adzalembenso. Ndinkayesa akuopa. Ayi, ankafuna alembenso.

Ndiye ndinawaphunzitsa, ndipo sindinawanyengerere. Adiresi aziiwerenga chilembo ndi chilembo. Aliyense wowathamangitsa ndi mbava. Banki siifunsa nambala zachinsinsi pa imelo, ndipo asadine kanthu asanandifunse. Phunziro analigwira bwino, paja moyo wawo wonse anali wa pasitima zapanyanja, malamulo amawadziwa.

Lachiwiri lapitali inafika imelo yako yeniyeni. Inde, ndinaiona. Adiresi inali yolondola, ndi kalembedwe kako kothamanga kaja. Unati azakhali a Inger akuuza zimene zinachitika, ukupepesa, ukufuna kubwera pa Khirisimasi, ndipo unaikamo linki ya zithunzi za ana.

Bambo anaiwerenga mofatsa, magalasi ali pamphuno. Kenako anandicheukira.

"Bodil, iyinso ndi ya mbava zija eti? Taona, muli linki."

"Inuyo mukuona bwanji, bambo?"

"Akupepesa. Troels sapepesa."

Anaifufuta okha, n'kundiuza monyadira kuti ulendo uno sanapusitsidwe. Ndinawayamikira. Ndinawathirira khofi, tinadya buledi wakuda ndi tchizi, tikumvera za nyengo pawailesi.

Usaganize kuti ndikupepesa. Amene amawamanga mwendo m'mawa uliwonse ndine, pamene iwe dzina lako lokha likwanira kuwatulutsa panja pozizira. Ine sindiwauza. Ukafuna adziwe kuti unali iweyo, bwera ugogode pachitseko akuone nkhope. Usavutike ndi kulembanso, chifukwa chilichonse chokhala ndi dzina lako tsopano amafufuta asanatsegule.

Usinthenso mawu achinsinsi a imelo yako. Kubanki anati mwina mbavazo zinapeza adiresi ya bambo m'menemo. Ndiye kuti unali nayo nthawi yonseyi.

Undiperekere moni kwa Signe, ndipo ana uwauze kuti ali ndi agogo. Bambo sakupereka moni, sakudziwa kuti ndikukulembera. Mulungu akusunge.

Ndine mlongo wako,
Bodil