Mahedifoni pa Chitsime cha ku Thuchila

Lolemba, 16 Seputembala 2024

Mlongo wanga Evance wabwera ndi kabokosi kakuda. M'katimo mahedifoni awiri opanda waya, amene amalankhulirana ndi anzake akamajambula maukwati ku Limbuli. Akuti tibwereke, maukwati achepa mwezi uno. Iliyonse ili ndi kamaiki kofika pakamwa. Wina pansi pa chitsime, wina pamwamba, n'kumamvana ngati takhala pamkeka umodzi.

A Elson, amuna anga, angoyang'ana kumbali. "Alamu, ine zitsime ndinayamba kukumba inu muli kusukulu, popanda wailesi kumutu." Koma chipsera cha chaka chatha chikadali paphewa. Anakuwa kuti tidikire, ife pamwamba tinamva kuti tikoke, ndowa n'kuwakhuthulira miyala.

Ndiye Evance waphunzitsa ine. Kuyatsa yanga kaye, kenako yawo, kudikira kagetsi kasiye kuphethira. Kamaiki ukakakweza m'mwamba, mnzako sakumva. Madzi ayi. Kusiya padzuwa ayi. Ndabwereza mpaka manja azolowera.

Lachitatu, 18 Seputembala

Chitsime cha kwa mayi Joice, kuseri kwa msika, chafika poti munthu pansi saoneka bwino. A Elson avala hedifoni, monyinyirika. Chisoti chimakana kukhala pamwamba pake, ndamangira ndi kansalu.

Mawu oyamba: "Mayi a Favour, mukundimva?" Pafupi zedi. Ndinacheuka kuona ngati aima kumbuyo kwanga. A Fanuel, okoka chingwe, aseka mpaka kukhala pansi.

Ntchito yayenda. Kokani. Imani. Tsitsani pang'ono. Popanda kukuwa. Koyamba kubwera kunyumba mmero usakuwawa.

Kutchaja pa sola ya mayi Joice, sanavute. Ndiwo nandolo.

Loweruka, 21 Seputembala

Kani a Elson amaimba. Zaka zonsezi m'banja, ine osadziwa. Akagwira piki amaiwala kuti ndikumva. Nyimbo ya Chilomwe, mwina ya malemu amayi awo, piki n'kumagunda motsatira. Mawu abwino ndithu. Ndinakweza kamaiki kuti asamve ndikuseka. Sindiwauza, angaleke.

Masiponji a m'makutu ayamba kununkha thukuta. Ndawavula, kuchapa ndi kasopo, kuyanika pamthunzi. Matope a pakamaiki ndachotsa ndi mswachi umene mwana wathu Favour anasiya popita kusekondale. Pang'onopang'ono, tibowo take n'tating'ono.

Mango ayamba kukula. Nkhuku yaswa.

Lachinayi, 26 Seputembala

Thanthwe. Ndowa zikukwera mochedwa, nthawi yocheza yambiri.

Munthu amene kunyumba amangoti eya kapena ayi, pansipo pakamwa sipatseka. Za bambo awo, mmene anawolokera mtsinje wa Muloza mbuzi ili paphewa. Za chitsime choyamba chimene anakumba, chimene sichinatuluke madzi, anthu n'kumawaseka pamsika. Za tsiku limene anandiona kuchigayo. "Munavala chitenje chachikasu, moni wanga simunayankhe." Chinali chobiriwira. Moni ndinayankha, iwo ndi amene anathawitsa maso. Takangana mpaka a Fanuel kufunsa ngati pansi pavuta.

Ndinawafunsa chifukwa chake zoterezi sanena kunyumba. Akuti kumdima n'kosavuta, palibe wokuyang'ana.

Masana batire yawo yatha. Kulakwa kwanga, dzulo pini sinalowe bwino potchaja. Tabwerera ku zokuwa zija. Tsiku latalika. Lero ndaonetsetsa kuti kagetsi kofiira kayaka ndisanachoke.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndilembe zimene zachitika lero.

Kutentha koopsa. Mphepo zii, phiri losaoneka ndi utsi. M'mawa tinatsitsa kandulo yoyesera mpweya monga mwa masiku onse, inayaka bwinobwino mpaka pansi. Analowa.

Chakumasana ankandiuza za mbewu yoti tidzale kumunda wa kumtsinje. Mawu anayamba kukoka ngati a munthu wa tulo. Kupuma wefuwefu. Piki sinkamvekanso. Nditafunsa anati, "Ndingokhala pansi pang'ono." Kuitananso, akuyankha zosagwirizana.

A Fanuel anasuzumira, akuti ali bwino, akungopuma. Iwo ankaona chisoti chokha. Ine ndinkamva kupumako m'khutu mwanga. Ndinakuwa, anthu oumba njerwa pafupi anathamanga. Mwayi wake chingwe cha m'chiuno sachimasula akakhala pansi. Tonse kukoka, ine pakamwa osatseka. Bambo a Favour, gwirani chingwe. Bambo a Favour, yang'anani kumwamba, musagone. Zina zimene ndinanena sindikuzikumbuka. Penapake ndinamva "ndagwira", chapansipansi.

Atuluka ali lefu, milomo yotuwa. Pansi pa mtengo wa mango, kuwakupiza ndi chitenje, kuwathira madzi. Patapita nthawi anakhala tsonga, kufunsa kuti piki ili kuti. Kandulo titaitsitsanso inazima isanafike pansi. Mpweya woipa.

Kupita kuchipatala akana, akuti ali bwino. Adya, pang'ono.

Hedifoni yawo matope okhaokha. Ndapukuta ndi kansalu konyowa pang'ono, ndikulira. Ikugwirabe ntchito.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Masiku apitawa kupuma. Dzulo ndi lero tabwerera, koma malamulo ndi anga tsopano. Kulowa m'mawa mokha. Asanalowe, kutsitsa ndi kukweza nthambi ya masamba ambiri kuti mpweya usinthe. Kandulo izikhala nawo pansi. Ndikaitana aziyankha. Avomera zonse, osatsutsa ngakhale chimodzi.

Lero ndowa yoyamba dothi lozizira. Yotsatira mchenga wonyowa. Kenako piki inaleka kumveka. Ndiye: "Janeti, tamvera." Dzina langa lenileni, sindikudziwa kuti analitchula liti komaliza. Anawerama, kamaiki pafupi ndi mwala. Ndinamva kuchucha.

Madzi.

Mayi Joice nthungululu, oumba njerwa kubwera kudzaona. Ndowa ya matope ija aliyense kupisamo dzanja. Atiphikira kalongonda ndi chinangwa, tadya mpaka kulephera kuyenda. Ana awo sadzapitanso kumtsinje mbandakucha.

Pobwerera a Elson anandikweza panjinga, anadzera njira yaitali ya m'minda ya tiyi popanda chifukwa. Ndasangalala lero. Ndilembe choncho basi.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kumanga njerwa m'kati kwatha dzulo. Madzi ayera, okoma.

Evance watenga katundu wake, ali ndi ukwati waukulu Loweruka likudzali. Ndinachapa masiponji, kutchaja onse awiri, kuika m'bokosi mmene anabwerera. Akuti akuwala kuposa mmene anawabweretsera. Ndamupatsa zinanazi ndi tambala. A Elson anamuperekeza mpaka kumsewu, zosachitika. M'mutu mopepuka, makutu ngati akusowa kanthu.

Titabwera kutchalitchi ndinali pakhonde, kusenda chinangwa. Anabwera, kukhala pafupi. Kenako, maso ali pa manja awo: "Chifuwa chobanikachi sichinayambe tsiku lija la m'chitsime. Chakhala chikundigwira kuyambira nthawi yokolola. Mawa mundiperekeze kuchipatala cha Mishoni."

Sindinakalipe. Ndinangoti eya. Anatenga mpeni winawo n'kuyamba kusenda nawo, molakwitsa, kutaya chinangwa chambiri ndi makoko. Ndawasiya.

Mantha alipo. Koma anena okha.

Malaya awo oyera ndasita. Tayala lakumbuyo la njinga laphwa, ndikabwereke pampu kwa a Fanuel dzuwa lisanalowe. Ndiphikiretu mbatata ya panjira, mzere wa ku Mishoni Lolemba umakhala wautali.

A Elson akundiitana.