Mapazi a Lukonde

Lolemba, 2 Juni

Kuzizira. Madzi a pampopi ngati singano m'manja.

Lukonde akutsimphina. Ndamuona m'mawa akutsika masitepe a fulati atagwira khoma, phazi lamanzere akulipondera cha m'mbali. Atazindikira kuti ndili pazenera anawongoka, n'kuyenda ngati msilikali. Zaka khumi ndi zisanu, koma kubisa kwake ngati munthu wamkulu.

Madzulo ndamufunsa. "Nili che bwino, ba anti." Basi. Chitseko.

Chaka chachiwiri chino ndili m'nyumba muno. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, kenako ine ndinafika ndi masutikesi anga n'kuyamba kusuntha mapoto. Ndani angakondwere? Sandinyoza. Amatsuka mbale, amapereka moni. Koma tikakumana m'khonde amadzipanikiza kukhoma kuti tisakhudzane.

Hoke yakeyi. Ba Killian, amuna anga, atandiuza koyamba kuti mwana wawo amasewera hoke ya pa ayezi ndinaseka, ndimati akundinamiza. Ayezi mu Lusaka? Koma bwalo lilipo, laling'ono, m'chishedi chakale kuseri kwa Woodlands. Ana ambiri ndi a ku Kabulonga, obwera pa magalimoto. Wathu amakwera minibasi kuchokera kuno ku Kabwata, ndodo yake ikugunda anthu m'mitu. Nsapato zake zolimba ngati chigoba cha fulu, mpeni kunsi. Anazipeza atate ake mu salaula, m'kaunjika wa ku City Market. Mwini wake woyamba ndani, kaya.

Ba Killian ali pa msewu wa Mansa, akuyendetsa basi mpaka Lachisanu.

Lachinayi, 5 Juni

Iye atapita kusukulu ndinalowa m'chipinda mwake. Nsapato zili pansi pa bedi, fungo lake osanena. Ndinapisa dzanja. Choyala cha m'kati, insolo, chaphwanyika ngati pepala. Chili ndi mabowo a zala za munthu wina, zazikulu kuposa zake. Mwana wakhala akuponda m'mapazi a mlendo nthawi yonseyi.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikugwada pamaso pa mapazi a anthu m'sitolo ya nsapato pa Cairo Road. Kuyeza, kumanga zingwe, kumwetulira. Ndiye phazi la m'nyumba mwanga lindikanike?

Kuntchito ndasankha mainsolo ofewa aja, abuluu, onenepa. Manesi ndi malonda amawakonda kwambiri, amati ali ngati ukuponda matiresi. Ndawalowetsa mwakachetechete, nsapato n'kubwezera pamene zinali. Sindinamuuze. Azingodabwa Loweruka.

Ndaphika nyemba ndikuimba.

Loweruka, 7 Juni

Ndawononga.

Wabwera msanga, maso ofiira. Mainsolo abuluu aja anawaponya patebulo, pafupi ndi shuga. "Ndani anakuuzani kugwila vinthu vanga?" Sanakuwe. Bola akanakuwa.

Zala zinachita dzanzi asanazungulire bwalo n'komwe. Anagwa, anagwanso. Mphunzitsi wawo anamutulutsa pamaso pa anzake onse. Pa chala chaching'ono thuza lalikulu, laphulika kale, sokosi yamatirira.

Kumapeto kwa mwezi uno akusankha atsikana opita ku mpikisano ku Joni. Sindimadziwa. Ba Killian amadziwa, ine ayi.

Ba Killian akuti, "Musiyeni, azapola mtima." Akutero maso ali pa foni. Mwamuna wabwino, koma zikavuta pakati pa ife awiri amasanduka mlendo m'nyumba mwake.

Lamulungu, 8 Juni

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Iye anakhala benchi ina, atavala mapatapata.

Lachitatu, 11 Juni

Ndinapempha kuweruka msanga. Minibasi ya Woodlands, kenako wapansi, kufunsa njira kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha. Chishedi cha malata, jenereta ikulira kuseri. M'kati kuzizira kwina, kolowa m'mano.

Ndinaima pakhomo. Ndinali ndisanamuonepo akusewera. Chipewa cholimba, mapewa otukumuka ndi zodzitetezera, ndinamuzindikira ndi ulusi wofiira wa m'tsitsi lake basi. Mwana amene amayenda chozemba m'khonde mwathu uja, pa ayezi amauluka. Akutembenuka, akubwerera chambuyo, kampira kakuda kophwatalala kali kumutu kwa ndodo ngati kamatidwa ndi ulimbo. Ndinagwira pakamwa.

Sipanapite nthawi. Anayamba kuchedwa, anzake kumupitirira. Anatuluka n'kukhala pa benchi, kumasula zingwe mofulumira, phazi m'manja, mutu pa mawondo.

Mphunzitsi ndi mzimayi, ba Jesse, wamtali, anaphunzira masewerawa ali kunja. Ndinadzitchula. Ndinati ndine amene ndinaika zabuluu zija. Anaseka, koma osati monyoza. "Iyi si nsapato ya ku ofesi, mayi." Anatenga nsapato ya hoke ya iye mwini n'kundipatsa kuti ndipise dzanja. M'kati mothina, mopanda malo otsala. Akuti ukaikamo chonenepa chimaba malo a phazi, zala zimapanikizika, magazi osayenda. Chofewa nacho chimachititsa phazi kusambira, mpeni kunsi sumva zimene mwendo ukunena. Pafunika chopyapyala, cholimba, chokhala ndi kambale kogwira chidendene. Koma choyamba kudziwa phazi lenilenilo, kaya ndi lophwatalala, kaya ndi lokwera pakati. Zikapanda kusintha, kukaonana ndi a chipatala, osalimbikira.

Ndimagulitsa nsapato zoyendera. Izi ndi zina.

Lukonde anandiona. Sanakweze dzanja. Sanatembenukenso kumbali. Ndinabwerera ndekha iye asanamalize.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa, dzuwa litafika pakhonde. Ndinatenthetsa madzi, beseni n'kuika pa simenti. Ndinagogoda. Ndinati pepa, ndinalakwa kugwira nsapato zako osapempha, koma ndikupempha chinthu chimodzi, uponde m'madzi kenako uponde pansi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ba Jesse baniuza vamene munakamba." Anavula masokosi.

Chidindo cha phazi pa simenti. Chidendene, zala, ndi kamzere kowonda cha kunja kolumikiza ziwirizo. Pakati ponse pouma. Lokwera kwambiri, lamanzere kuposa lamanja. Thupi lonse lakhala likulemera pa chidendene ndi kutsogolo, pakati palibe chochirikiza.

Ba Killian anatuluka ndi kapu ya tiyi. Anaima. "Ili ni phazi la bamake." Mawu otsika, ngati akulankhula okha. Anayang'anabe mpaka simenti inayamba kuuma.

Lukonde anafunsa ngati mayi akewo nawonso ankamva kuwawa. Ba Killian anati kwambiri. Akuti kutchalitchi ankavula nsapato pansi pa benchi, tsiku lina mwana wa eni anathawa nayo imodzi, iwo n'kupita kukalandira mgonero ndi nsapato imodzi. Anaseka onse awiri. Lukonde anaseka mpaka misozi, kenako inali misozi chabe.

Ndinatenga beseni kukataya madzi. Ndinachedwa dala kukhitchini. Nsanje? Pang'ono, ndisaname. Koma m'nyumba muno dzina la mayi uja silitchulidwa chifukwa cha ine, amaopa kundipweteka. Sindinapemphepo zimenezo. Lero latchulidwa ine ndilipo, denga silinagwe.

Lachiwiri, 17 Juni

Anabwera kusitolo ataweruka kusukulu, yunifolomu, chikwama cha nsapato kumsana. Anzanga a kuntchito maso onse pa iye. Mwelwa wa pa kauntala anafunsa kuti ndani ameneyu. Ndinati ndi Lukonde wa kwathu. Iye sanatsutse.

Tinapita ku Northmead, kusitolo ya zamasewera imene ba Jesse anatchula. Za hoke zenizeni alibe, ndani angazisunge kuno. Koma ali ndi zopyapyala zolimba za othamanga ndi okwera njinga, mitundu itatu: za phazi lophwatalala, zapakati, ndi za lokwera. Mnyamata wogulitsa amafuna kutipatsa zofewa za jelo. Tinayankha pamodzi kuti ayi.

Ndinaziyala pansi. Iye kuponda, ine kugwada. Ndinati ndilowetse chala pansi pa phazi ndione ngati patsala mpata? Anagwedeza mutu.

Phazi lozizira. Lowonda, khungu lolimba cha kuchidendene, chikhadabo chimodzi chakuda. Kachipsera kakale pa kakolo, sindikudziwa nkhani yake. Ndagwira mapazi osawerengeka, koma ili ndinali ndisanaligwirepo.

Yoyamba, chala changa chinalowa chonse. Yachiwiri, theka. Yachitatu inakwera n'kukumana ndi phazi, chidendene chinakhala m'kambale kake ngati dzira. Ndinati pinda mawondo ngati uli pa ayezi. Anapinda, dzanja lake n'kutsamira paphewa langa kuti asagwe. "Iyi yanigwila," anatero.

Mtengo wake sindilemba muno. Bulauzi yanga yatsopano ya Chigwirizano cha amayi kutchalitchi idikire kaye.

Kunyumba tinatulutsa chakale chija, kuchiika pamwamba pa chatsopano, kulemba m'mbali ndi bolopeni. Iye kugwira, ine kudula ndi sizasi, pang'onopang'ono, kutsogolo kokha. Kuyesa, kutulutsa, kudulanso kachidutswa. Ukadula kwambiri sungabwezere. Chakale anachitaya yekha m'bini.

Loweruka, 21 Juni

Zala sizinachite dzanzi. Koma pakati pa phazi pakuwawa kwina kwatsopano. Ndimati ndawononganso. Ba Jesse akuti ndi mmene zimakhalira, phazi lizolowere kaye kuchirikizidwa, azivala pang'ono tsiku lililonse. Amusinthanso kamangidwe ka zingwe, momasuka pamwamba pa phazi, mothina cha kukakolo.

Ndiye masana onse akuyenda m'fulati ndi nsapato za hoke, mipeni itavekedwa zotchinga zake za pulasitiki. Gu, gu, gu, kuchokera kukhitchini mpaka kubafa. Ba Chilufya a pansi pathu anagogoda denga ndi mpini wa tsache. Kenako anakwera okha, ataona anangoima pakhomo n'kufunsa ngati mwanayu walowa usilikali.

Ndikusenda mbatata anabwera n'kukhala pa mpando wa kukhitchini, wamtali ngati chitseko ndi nsapato zakezo. Anayamba kundiuza za mtsikana wina wa m'timu amene amalira akagonja. Sindinafunse. Ndinapitiriza kusenda, kuopa kuti ndikakweza mutu asiya. Ndasenda mbatata zokwana ukwati.

Lachitatu, 25 Juni

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa, jenereta ya kubwalo nayo yafa. Ayezi wasungunuka, sanasewere. Tsiku lomaliza loyeserera lapita choncho. Ana a ku Kabulonga ena anapita kukayeserera ku Joni pa holide, wathu ali ndi khonde.

Thuza lapola. Kuwawa kwatsopano kuja akuti kwachepa.

Ba Killian Loweruka adzakhala pa msewu, kuntchito akana kuwasinthira. Anamuuza pa chakudya, iye anangoti chabwino. Pochotsa mbale, atandifulatira: "Imwe muzakhala ku nchito pa Sata?"

Ndamupempha Mwelwa tisinthane. Wavomera, koma ndimugwirira Loweruka la kumapeto kwa Julayi, la chipwirikiti.

Loweruka, 28 Juni

Sanamusankhe.

Ndilembe bwino, chifukwa ba Killian adzafunsa ndipo ndikufuna kuwauza zonse.

Ndinavala majuzi awiri. Makolo ena anabwera ndi mafulasiki ndi mabulangete, akudziwana onse. Ndinakhala kumapeto kwa benchi. Malamulo sindiwadziwa, ine maso anali pa mapazi ake basi. Ndimadikira nthawi ija yoyamba kuchedwa, yoyang'ana ku benchi. Sinafike. Anasewera kuyambira poyamba mpaka wezulo yomaliza. Anagwa kamodzi, wina atamugunda, n'kudzuka pomwepo. Anapatsira mnzake kampira kamene kanalowa m'golo. Ndinaimirira ndekha, ena onse ali chikhalire. Manyazi anabwera pambuyo.

Kenako anawaimika pamzere, ba Jesse n'kutchula mayina. Ndinamva lililonse. Lake ayi. Pambuyo anatipeza pakhomo, anati mwezi wonse wa kuwawa uja unamubweza m'mbuyo, anzake anamupitirira, koma lero wasewera kuposa masiku onse. Chaka chamawa. Lukonde anati zikomo ba kochi, mwaulemu, nkhope youma.

Tinayenda mpaka pa siteji. Ndinanyamula ndodo, sanakane.

M'minibasi tinakhala kumbuyo, iye kuzenera. Titangonyamuka mapewa anayamba kugwedezeka. Kulira kopanda mawu, nkhope kugalasi. Sindinamugwire. Ndinangoika mpango pa bondo lake. Analira mpaka kutopa. Kenako mutu unayamba kulemera, kugwa kutsogolo, kudzuka, kugwanso. Pa hampu ina unagwera paphewa langa n'kukhala pomwepo. Tsitsi lonunkha thukuta ndi chipewa chija. Mpweya wofunda pakhosi panga.

Tinafika pa Kabwata. Kondakitala amatidziwa, anamenya denga, basi inaima. "Mami, simuseluka?" Ndinamupukusira mutu pang'ono, chala pakamwa. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine, n'kutseka chitseko mosamenyetsa. Anauzanso dalaivala kuti achepetse wailesi.

Tinapitirira fulati yathu ndikuiona, zovala zathu pa chingwe. Mpaka m'tauni, m'mizere ya magalimoto, dzuwa likulowa. Anthu onse anatsika pa City Market, tinatsala awiri. Anadzuka, kuyang'ana uku ndi uku, tsaya lili ndi mizere ya juzi yanga. Anafunsa kuti tili kuti. Ndinati ndinaiwala kutsika.

Anandiyang'ana. Akudziwa kuti sindiiwala.

"Nili na njala," anatero. Tinagula chimanga chootcha, chimodzi, anachithyola pakati. Tinakwera ina yobwerera.

Dzanja likadali dzanzi mpaka pano, zilembo zikupita chokhota. Lukonde akundiitana kukhitchini, akuti mafuta ophikira ndinaika kuti, akufuna kukazinga mazira a tonse awiri, ndipo akayamba kufufuza yekha m'makabati anga asokoneza zonse. Ndapita.