Makala a m'munda wa tirigu wa Godwin

Chinsapo, Lilongwe

Achimwene a Lucious,

Mwadzuka bwanji ku Tsanganoko, inu ndi alamu? Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno kwa mwana wanga Thokozire tilipo, kungoti ine miyendo yatupanso. Chibwerere kumaliro a mwana wanga Godwin, ngakhale kutchalitchi sindinapondeko.

Dzana kunabwera mayi wina wakwathuko, wogulitsa kachewere. Akuti popalira mwapeza zakuda zokwiriridwa m'munda wa tirigu wa Godwin, ndipo mbumba ikunena kuti ndi mankhwala amene mkazi wake Elsie anamuphera nawo. Akutinso mukufuna kumusudzula asanakolole. Achimwene, chimvereni zimenezi chakudya sichikulowa.

Ndifotokoze pang'onopang'ono. Asanadzale tirigu ameneyo, Godwin anakhala kuno masiku angapo akuyendera kuchipatala. Akabwerako ankapita kumsika kukasesa zinyenyeswa za makala kwa ogulitsa. Anthu ankamuseka, ati bambo wamkulu kupalasa fumbi ngati nkhuku. Nditamufunsa, anati alangizi anawaphunzitsa kuti feteleza ukathira, si yense amene tirigu amadya. Wina amasanduka mpweya n'kukwera kumwamba, ndipo akuti ukuthandizira kutenthetsa dziko. Ndinamutsutsa, ndinati feteleza alibe mapiko. Iye anaseka, n'kundifunsa ngati sindinamvepo fungo longa la mkodzo m'munda, dzuwa likawomba titathira yuriya. Ndinavomera, inunso fungolo mukulidziwa. Ndiye anati makala osinja, osakaniza ndi manyowa a mbuzi, akakwiriridwa amagwira chakudyacho kuti chikhale pamizu. Kaya n'zoona kaya, ine sukulu sindinapiteko. Iyenso ankangofuna ayese theka la munda, adzaone pokolola. Kukololako ndiye sanafikeko.

Tsono makala amenewo ndinasinja ndine, mumtondo wa Thokozire, mpaka anandikalipira kuti ndaudetsa. Elsie kunalibe n'komwe. Ngati mbumba ikufuna mfiti, ibwere ku Chinsapo, indipeza pakhonde, sindithawa ndi miyendo imeneyi. Godwin anapita ndi matenda a shuga, adokotala ananena inu muli pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi. Mundawo amayi athu anasiyira ine. Musafukule kanthu, ndipo Elsie mumusiye akolole ndi anawo. Tirigu wa mbali ya makala apunthe payekha, winayo payekha, monga ankafunira mwiniwake. Mukatero munditumizireko kambale kamodzi ka mbali iliyonse, ndidzaone ndi maso anga zimene mwana wanga ankadikira kuona.

Moni kwa alamu, kwa achemwali athu aakulu ndi zidzukulu zonse. Elsie mukamuuze pakhomo pake, anthu akumva, kuti apongozi ake akumupatsa moni.

Mutsale ndi Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Maness