Mitengo Iwiri ya ku Manda Kwathu

Amayi, kaya mwaswera bwanji kumeneko? Ndine Esitere wanu, uja munkati pakamwa pake pamadzuka mutu ukadali mtulo. Aphunzitsi a ku mishoni atamva kuti zilembo zawo ndikulembera nazo munthu amene anatisiya chaka chatha, angandikalipire ndithu. Koma mtima wanga wakhala pansi sabata ino, ndipo palibe angamvetse chifukwa chake kuposa inu.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mng'ono wanga Nasiwelo anachira nthawi ya masika, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, musakane. Mapira tinakolola bwino, nandolo ndiye anachita mphwayi. Chiperoni chavuta chaka chino, phiri limatha masiku osaoneka, ndipo amalume a Mpinda akuyenda ndi ndodo chifukwa cha mawondo. Mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri, koma khalidwe lolowa m'minda ya eni sinasiye.

Tsono nkhani ndi iyi. Inu mutangopita kunabwera Alomwe ochokera kutsidya kwa Ruo, mabanja anayi, kuthawa nkhanza za kwa Apwitikizi. Mfumu inawapatsa malo kuseri kwa dambo. Amuna awo amagwira ntchito ku munda wa tiyi wa mzungu, akazi amalima chinangwa. Sitinkayenderana nawo. Tikakumana pa chitsime unali moni basi, aliyense n'kusenza mtsuko wake.

Mwezi wathawu achimwene a Kalinde anapeza zitsa ziwiri zatsopano m'msitu wa manda, pafupi penipeni ndi pamene mwagona inupo. Pamene anakokapo mitengoyo panalozeratu kwa alendo aja. Achimwene anabwera maso ali psu, nanena kuti m'mawa mwake alawirira ku boma kukanena kuti alendowa avuta, awachotse. Mudzi wonse unkadziwa tanthauzo lake: nyumba zawo zigwetsedwa, iwo abwezedwa kutsidya kumene anathawa kuja. Inenso sindinali bwino, Amayi. Ndinatukwana mawu oti sindingawalembe pano. Msitu uja sitithyolamo ngakhale kamtengo kotsukira mano, ndiye wina alowemo ndi nkhwangwa pamutu panu?

Mkwiyo utaphwa pang'ono ndinakumbukira zimene munkachita akazi akayambana m'mudzi muno. Munkanyamula lichero la mapira n'kupita kwa wolakwayo kukabwereka mtondo, wanu uli bwinobwino kuseri kwa nyumba. Ine ndili mwana ndinkaona ngati ndinu oiwala. Munandiuza kuti munthu wolakwa ndisamamufunse ataimirira chifukwa amangofuna pothawira, ndizimupeza pa ntchito, ndigwire naye, mawu abwera okha. Ndinapempha achimwene kuti adikire masiku awiri. Anavomera monyinyirika, ati poti ndine mlongo wawo.

Ndinapita kwa alendowo ndi lichero langa. Ndinapeza mkazi wa msinkhu wanga, dzina lake Muheya, amene chinenero chathu amachiyankhula modukiza. Anandiyang'ana mwamantha, koma mtondo anatulutsa, natenganso munsi wake kuti andithandize. Tinasinja nthawi yaitali, ine lilime likundiyabwa koopsa. Ndili mkati mopeta ndinaiona mitengo ija kuseri kwa nyumba. Sanamangire denga kapena khola ayi. Anaimanga ndi luzi n'kuyalapo mphasa, anali machira onyamulira munthu. M'nyumbamo wina ankatsokomola chifuwa chonga chija chimene chinakutengani inu.

Muheya anaona kumene ndinayang'ana. "Amayi anga atsala pang'ono," anatero. "Kuno tilibe dothi lathu. Tiwanyamule, akagone kwawo."

Ndinamufunsa ngati Apwitikizi sakawagwira akawoloka mtsinje.

"Akatigwira. Nanga munthu timuika kuti?"

Za manda sankadziwa n'komwe. Amuna ake anangoona msitu wa mitengo yowongoka, mbiya zosweka za pa manda zija zitakwiririka ndi masamba. Nditamuuza kuti pamene anadulapo pagona amayi anga, munsi unamugwa m'manja, nakhala pansi atagwira kumutu. Ndinachita manyazi ndi matukwano anga aja. Chaka chathunthu anthuwa akhala pafupi nafe, ndipo palibe mmodzi wa ife anawauza kumene kuli manda athu, kapena kuwafunsa kumene adzaike awo.

Sindinalunjike kwa achimwene. Munkanena kuti nkhani yolemera ndiziyamba kuitula kwa munthu amene wokwiyayo sangamukwezere mawu, choncho ndinapita kwa amalume. Ndinawakumbutsa za maliro anu. Izi mwina simukuzidziwa, Amayi, koma tinavutika. Adzukulu athu akale, anthu a kwa Chimbalanga aja amene ankatikumbira manda ife n'kumawakumbira awo, anasamuka mzungu atatenga malo awo. Mwambo sulola kuti wachibale akumbe yekha manda a mbale wake, ndiye munagona m'nyumba masiku awiri ife tikupemphapempha anthu kutali. Ndinati kwa amalume, ife tili ndi manda koma tilibe adzukulu, iwo alibe zonse ziwiri. Tiwaikire mayi wawo kwathu, akhale adzukulu athu. Ndipo ndani anamvapo munthu akutengera mdzukulu wake ku mlandu? Amene wakuikira maliro mumangotukwanizana moseka, ngakhale akugwirire nkhuku pabwalo.

Amalume anaitana mbumba yonse pansi pa mkuyu, mfumu ilipo. Achimwene anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye odula mitengo ya amayi tiwapatsenso malo pambali pa amayi?"

Pakamwa panga paja panathamanga. "Achimwene, mukawathamangitsa, inuyo adzakuikani ndani?"

Ndinadikira kuti andikalipira pamaso pa anthu. Koma anangonena kuti alendowo ayambe abwera kudzapepesa kwa eni msitu. Anabweradi, amuna onse anayi, atanyamula nkhuku ndi ufa wa chinangwa poti wina analibe. Amalume anathira ufawo pa zitsa zija akukutchulani dzina. Ngati unakukomerani mosiyana ndi wa masiku onse, chifukwa chake n'chimenecho.

Mayi uja anamwalira Lachinayi lapitali. Ine ndi Nasiwelo tinamusambitsa, Muheya akutiuza za kwawo zimene tisaiwale, ifenso tikumuuza zathu, ndipo pamene miyambo inasiyana akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi n'kugwirizana. Amene anayamba kugwetsa khasu pokumba anali achimwene a Kalinde. Mtembo tinaunyamula pa machira omwe aja, ndipo mitengo tinaisiya konko kumene inachokera. Pobwerera achimwene anagwira tambala wa amuna a Muheya pakati pa bwalo, n'kumuuza kuti ndi wowonda ngati mwini wake. Bamboyo anayamba wadabwa, amalume atamufotokozera anaseka mpaka kukhosomola, misozi ya maliro ikadali m'maso. Aka kanali koyamba kumva Mlomwe akuseka m'mudzi muno.

Ku boma sikunapite munthu. Ndikaganiza kuti tikanapita, nkhani ikanaweruzidwa ndi mlendo wosadziwa manda athu kapena mantha awo, kudzera pakamwa pa womasulira, ndimathokoza kuti achimwene anadikira. Dzulo ana a Muheya anali pakhomo pano akusewera ndi anga, akuyankhula chinenero chosakaniza choti ngakhale inu simungachimve. Muheya akuti andiphunzitsa kuphika kalongonda, nyemba zawo zija zimene ukapanda kutaya madzi zimaledzeretsa. Ndikuona kuti mudzi umene ana awa adzakulire sudzakhala wathu tokha, ndipo sizikundiwawa monga ndinkaganizira.

Tsono mwalandira mnansi, Amayi. Wagona chakumanja kwanu, cha ku mtengo wa mbawa. Ndi mayi wamng'ono thupi, wayenda ulendo wautali, ndipo kumeneko sadziwa aliyense. Mulandireni, ife tinachedwa kutero.

Ndikulonjeza kuti ubale umenewu ndiusunga, ndipo ana a mbali zonse ndidzawauza mmene unayambira, osabisa ngakhale matukwano anga. Ine sindidzagona m'nyumba masiku awiri kudikira okumba. Tsiku langa likadzakwana, adzandibweretsa kwa inu ndi ana a Muheya.

Ndimakukondani monga kale,
mwana wanu Esitere