Ndinkangoti Ndamva

Biwi, Lilongwe
11 June 1996

Okondedwa achemwali a Maness,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli amoyo pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Ntcheuko. Chifuwa cha amayi chija chinaleka? Kuno kuli chisanu ndi fumbi, ndipo ine sindili bwino.

Mukumbukira kuti chiyambire matenda a shuga mapazi anga ankatentha ngati ndaponda makala. Mwezi wa February adokotala anandilowetsa mu kafukufuku wa mankhwala a ululu wa mitsempha ya m'mapazi. Anati ena tizimwa mankhwala enieni, ena mapiritsi ongofanana nawo, ndipo ngakhale iwowo sadziwa kuti wina walandira ati. Ndinasaina.

Lachiwiri lililonse anamwino, Mayi Mirriam, ankandiuza kuti nditsinzine, n'kumandigunda kuphazi ndi kaulusi kolimba ngati ka mbedza. Akafunsa ngati ndamva, ndinkati ndamva. Achemwali, sindinkamva kalikonse. Koma mayiwo ankandipatsa mpando ndi tiyi, ankandiitana ndi dzina langa lomwe. Munthu wotero ungamuuze kuti ntchito yake ikupita pachabe? Inu mukudziwa mmene tinaleredwera, wodwala akafunsidwa ndi akuluakulu amati ndikupezako bwino.

Ululu unathadi, ine n'kumayamika mapiritsi. Sabata yatha ndikuwotcherera geti kushedi kwathu, kachitsulo kamoto kanagwera m'nsapato yakumanzere. Ndinapitiriza ntchito. Anali a Asani, anzanga a pashedi, amene anamva fungo n'kundivula nsapatoyo.

Adokotala anati si mankhwala amene anathetsa ululu, koma mitsempha ndiyo inafa. Ndikanawauza zoona akanandiletsa kalekale ntchito ya moto. Mayi Mirriam anatsegula faelo yanga, masamba onse olembedwa kuti ndikumva. Sanandikalipire. Anangoti mayankho anga onse awachotsa mu kafukufuku, n'kutseka faeloyo.

Balalo lada tsopano. Adzandigoneka m'chipatala Lolemba likubwerali, ndipo adzaona ngati adule zala ziwiri kapena phazi lonse. A Asani akuti ndikuchita ngati nkhaniyi si yanga. Mwina akunena zoona. Ndikaliyang'ana phazilo limakhala ngati la munthu wina amene wangondisungitsa. Ndikudya, ndikugona. Mantha ndawafufuza, sindinawapeze.

Pempho langa ndi limodzi. Kuchipatala amafuna wodikirira wodwala, ndipo mlamu wanu chipitire kwawo ku Dedza sanabwerenso. Ndikudziwa kuti chimanga simunamalize kututa, koma ndilibe wina. Bwerani Lamulungu. Kalatayi ndapatsira a Peterson a pabasi kuti ifike msanga, ndipo a Asani adzakuchingamirani kudepoti.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa amalume a Josiah ndi kwa ana onse. Amayi muwauze zonse, musachepetseko. Makalata anga onse a chaka chino ndinkalemba kuti kuno tili bwino, iwo n'kumakhulupirira.

Mukafika musadzandifunse kuti ndili bwanji, chifukwa ndikudzidziwa, ndidzati ndikupezako. Mudzangomasula bandeji muone nokha. Adokotala akadzafunsa, mudzayankhe ndinu.

Ndine mlongo wanu,
Laws